Kabotolo ka Nambala 41

Lolemba, 4 Juni

Ku labu zotsatira zatuluka bwino. Mabakiteriya amene tikuwafufuzawa sayamba nkhondo ali ochepa. Amatumizirana uthenga wa timadzi kufikira atadziwa kuti achuluka, ndiyeno amatulutsa poizoni wobiriwira. Mankhwala amene tapanga, nambala 41, sawapha ayi, amangowagonthetsa kuti asamvane. Mbale zonse zisanu ndi imodzi zomeretseramo mabakiteriya sizinabiriwire. Ndalemba m'kaundula ndi kukhoma firiji. Muli timabotolo 12 ta nambala 41.

Masana ndinali kuchipatala. Bandeji ya pachilonda cha paphazi la amuna anga yabiriwira. Mtundu umenewo ndimaudziwa.

Lachitatu, 6 Juni

Adokotala akuti mankhwala onse atatu akanika ndipo matenda alowa m'magazi. Mwana wathu wamkazi anandikokera pakhonde la wodi.

"Amayi, kiyi wa firiji mumasunga ndinu. Kabotolo kamodzi kokha."

Ndinamufotokozera kuti 41 sanaperekedwepo kwa munthu, ndipo ngakhale pa mbewa tiyamba kumuyesa sabata ya mawa.

"Ndiye ababa adikire mbewa zichire kaye?"



Lachinayi, 7 Juni

Nkhani yawafika eni ake chilonda. "A Kalembera, musabe," anatero, kunditchula dzina limene amandiseka nalo. "Zaka makumi atatu simunabweretsepo ndi pensulo yomwe ya kuntchito. Muyambire pa ine?" Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawakonzera pilo, ngakhale inali bwinobwino.

Lachisanu, 8 Juni

Pa nthawi ya nkhomaliro mu labu munalibe munthu. Ndinatsegula firiji ndi kugwira kabotolo kamodzi mpaka zala zinachita dzanzi. Mlingo woyenera munthu sindiudziwa. Palibe amene akuudziwa. Ndinakabwezera. 12.

Lamlungu, 10 Juni

Atisiya 10:40 m'mawa.

Lachitatu, 13 Juni

Tawaika. Mwana sakundilankhula. Akafuna kundifunsa kanthu akutuma azakhali ake, ine ndili pomwepo. Nsapato za bambo ake zikadali pakhomo. Ya kumanzere ndi yatsopano ndithu, chifukwa phazi lotupa lija silinkalowamo.

Lolemba, 25 Juni

Ndabwerera kuntchito. Mkulu wa labu anaika pepala la zotsatira pa tebulo langa osandiyang'ana kumaso. Mwa mbewa khumi zimene zinalandira 41, zisanu ndi zitatu zachira, ziwiri zafa ndi vuto la impso. Ndinawerenga katatu. Kuti amuna anga akanakhala mbali iti, pepala silikunena.

Cha m'ma 3 koloko foni inalira. Mwana uja, koyamba chimwalirire bambo ake.

"Amayi, mbewa zija?"

"Zafa zonse, mwanangu."

 Kenako anati abwera Loweruka kuti tidzalongedzere limodzi zovala za bambo ake, ndipo anandifunsa ngati ndikumadya.

M'kaundula ndalemba kuti zachira zisanu ndi zitatu.