Khwinya Lomwe Achimwene Anasiya Pabalaza

Nkhorongo,
Mzuzu.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwinoko. Kodi msana uja ukuleka? Nanga usiku mukugona? Mng'ono wanga Glory anandiuza kuti chiikireni maliro a achimwene a Boniface mukungolawa kaphala n'kukankha mbale. Chonde idyani, Amayi. Tatsala ife, ndipo tikukufunani.

Ine kuno ndilipo. Kuntchito ku laibulale ndinayambiranso, ngakhale ndimapezeka ndabwereza tsamba limodzi kangapo osamva kanthu. Mzuzu wazizira chaka chino, kamvula kowaza sikakuleka, ndipo zovala zikungonunkha chinyezi pachingwe. Alamu a Judith ali ku Chibavi komweko ndi ana, onse awiri abwerera kusukulu.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndikamva mawu anu, zimene ndimafuna kunena zimandithawa. Glory akuwerengereni pang'onopang'ono, asadumphe mzere.

Amayi, ndamasula thumba la zitsulo za achimwene, lija amalume a Solomon anamanga ndi linya n'kulamula kuti munthu asalikhudze mpaka abale adzakumane kudzagawa katundu wa malemu. Linyalo ndadula ndine, osati wina. Ndikufuna mumve kwa ine momwe zinakhalira.

Mukudziwa kuti thumbalo linatsala kunyumba kwanga chifukwa ntchito yawo yomaliza inali yoyala kapeti pabalaza panga. Chimene simukudziwa n'chakuti tsiku limenelo iwo sankafuna kuyala. Zitsulo zokokera kapeti zilipo ziwiri. China n'chachifupi, kumutu kwake kuli mano ngati chipeso, kumbuyo kuli khushoni. Munthu amagwada, n'kuluma kapeti ndi manowo, n'kumamenya khushoniyo ndi bondo. Chinacho n'chachitali, cha mapaipi olumikiza, chimatsamira khoma la mbali ina, ndipo munthu amangokanikiza chogwirira ndi dzanja. Chachitalicho anali atachibwereketsa kwa mnzawo wa ku Ching'ambo.

Achimwene anandiuza kuti balaza langa ndi lalikulu, likufuna chachitali, ndiponso kapeti akazizira amauma ngati chikumba, tiyenera kumusiya agone pansi kaye afewe. Anakwinya buluku kundionetsa bondo lawo lotupa, n'kunena kuti tidikire mnzawo abweze chitsulo. Ine ndinali ndi alendo a kutchalitchi Loweruka lake, ndipo ndinkafuna adzaponde pabwino. Ndinawaseka kuti akalamba asanamere imvi, ndipo ngati bondo lawatha ndikaitane anyamata a kumsika. Iwo anaseka, nati mlongo wophunzira amavuta kuposa mwenye wa sitolo. Kenaka anagwada.

Ndinali kukhitchini ndikumva kugunda kwa bondo lawo, di! di! di! Anakhoma timatabwa ta timisomali m'mbali mwa khoma, nakoka mbali ya kuwindo mpaka inakhala bwino. Atafika pakati anaima, nakhala pansi atatsamira khoma, nati mawa n'tsikunso. Anasiya khwinya lalitali kuchokera pakhomo mpaka pamene pamakhala tebulo. Mawa lakelo mwendo unatupa wonse, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa.

Adokotala anatiuza kuti magazi anaundana m'mwendo n'kupita kumapapo. Ndinawafunsa ngati kumenya ndi bondo kuja ndiko kunachititsa. Anandiyankha mokoma mtima kuti palibe angalumbire, zoterezi zimagwera ngakhale munthu wongokhala pampando. Ndawerenga zonse zimene ndinapeza pa nthendayi, Amayi, ndipo mabuku akunena zomwezo. Koma palibe buku limene landichotsera kugunda kuja m'makutu.

Chibwerereni kumudziko sindinalole munthu kukhudza khwinyalo. Ndinkalidumpha m'mawa, n'kulidumphanso madzulo. Mnzawo uja anabweza chitsulo chachitali pa nthawi ya maliro, ndipo amalume anachiponya m'thumba momwemo asanamange.

Lamlungu lapitali alamu a Judith anabwera kudzandiona. Polowa anakhumudwa pakhwinya paja, pang'ono agwere patebulo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndikufuna mudzi wonse wa Nkhorongo uzinena kuti Boniface ankayala kapeti ngati mizere ya mbatata. Anati mwamuna wawo ankabwerera pakati pa msewu akakumbukira ngodya imodzi yosakhala bwino, ndiye ine ndikumuchititsa manyazi pamaso pa mlendo aliyense wolowa m'nyumba muno. Ndinawakumbutsa mawu a amalume. Anati akuwadziwa, ndipo iwo monga mkazi wamasiye sangayerekeze kukhudza linyalo, chifukwa anthu angati ayamba kale kubisa katundu.

Pamenepo ndinawauza zonse za tsiku lija, za bondo ndi za kuseka kwanga. Ndinkayembekeza kuti adzuka azipita. Iwo anangopukusa mutu, nati nawonso m'mawa womwewo anawauza achimwene kuti asiye kudandaula ngati nkhalamba, apite akathandize mlongo wawo. Anati ngati pali mlandu, tigawane ngati chinangwa, wina kumutu wina kumchira. Tinalira, Amayi, kenaka tinaseka, kenaka ndinakatenga mpeni.

Alamu akhala akuyenda ndi achimwene m'ntchito zimenezi kuyambira asanabadwe mwana wawo Tina, choncho manja awo akudziwa. Tinatsegula mawindo kuti kadzuwa kamene kanatuluka tsikulo kalowe. Anayika thabwa kukhoma kuti chitsulo chisaswe pulasitala, tinalumikiza mapaipi mpaka anafika mbali inayo, ndipo anachepetsa mano kuti asaboole kapeti. Ine anandipatsa ntchito yoponda paipi kuti isadumphe, akundinena kuti ndikuponda ngati ndikuopa kudzutsa njoka. Kenaka anandiitana kuti ndikanikize ndekha chogwirira.

Ndinakanikiza ndi dzanja limodzi, Amayi. Dzanja langa lomweli, lozolowera kutembenuza mapepala. Khwinya lija linayenda pang'onopang'ono n'kuzimirira kukhoma, alamu n'kumakanikizira kapeti patimisomali. Tinasuntha chitsulo, tinakanikizanso. Madzi a tiyi amene ndinatereka asanawire, balaza lonse linali litagona. Palibe bondo la munthu limene linagunda kanthu, kupatula pangodya pamene alamu anangokhudza pang'ono ndi chachifupi chija. Ndinakhala pansi pomwe achimwene anakhala, n'kumaganiza kuti chimene ankandipempha chinali chochepa chotere: kudikira.

Alamu anapukuta zitsulo zonse, nazibwezera m'thumba monga zinalili. Sanatenge ngakhale msomali. Potsanzika anandigwira dzanja nathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene alamu, tsopano bambo ake Tina apume.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Ndinamva kumaliro kuti amalume akufuna zitsulozi zibwere kumudziko, zidzapatsidwe kwa mwana wawo Elton. Sindikunyoza maganizo awo, ndipo ndikudziwa kuti mawu a eni mbumba sadumphidwa. Koma kwathuko ndani ali ndi kapeti, Amayi? Zidzangochita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Kuno kuli nyumba zogona alendo ndi matchalitchi amene ankadziwa dzina la achimwene, ndipo ena afunsa kale ngati alamu angapitirize ntchito. Zitsulozi ndiye khasu la ana a Boniface. Chonde kalankhuleni ndi alongo anu a Solomon abale asanakumane, kuti thumbali lidzatsale m'manja mwa a Judith. Inu amakumverani.

Muwauzenso za linya lija musanawauze china chilichonse. Ndikuopa kuti akadzaona mfundo yachilendo adzaloza alamu, ndipo zikatero ndidzakhala ndawalanditsa zitsulo ndi mpeni wanga womwe. Ndinaganiza zogula linya lina n'kumanga mofanana, koma ndaleka. Thumba lili pompano, lotsegula, ndipo linya lodukalo ndaliika pamwamba pake. Ngati pali nkhuku yopepesera, ndidzabwera nayo ndekha n'kudzagwada pamaso pawo. Bondo langa lili bwino.

Kapeti tsopano wagona bwino, ndipo aliyense wolowa amayamikira, n'kufunsa anayala ndani. Ndimayankha kuti achimwene anga. Koma phazi langa silinamve, Amayi. Ndikamachokera pakhomo kupita patebulo, limanyamukabe pamalo paja.

Mundiperekere moni kwa amalume a Solomon ndi azakhali, kwa amayi aang'ono a Deborah, kwa msuweni wanga Elton, ndi kwa onse amene anatigonera pamaliro. Glory, zikomo powerenga mpaka pano, uonetsetse kuti Amayi adya. Alamu a Judith ndi adzukulu anu akuti moni wambiri.

Yankho lanu ndilidikira, ndipo ulendo uno sindifulumizitsa munthu.

Ndine mwana wanu,
Pilirani