Lipenga Langa Lili kwa Noelene

Lachiwiri, 4 Malichi. M'chipatala, ku Melbourne.

Dandaulo kwa aliyense amene amayang'anira za tiyi m'nyumba muno. Ine Glenys Trevaskis wa ku Ballarat, amene ndinaphunzitsa malamulo pa yunivesite mpaka kumera imvi, ndikulengeza mwaulemu koma mokhumudwa kuti chimene mwandipatsa masana ano si tiyi. Ndi madzi amene anangomvako mbiri ya tiyi. Ofunda ngati osambitsira khanda. Bisiketi imodzi, yolobodoka. Munthu mwamulowetsa kachubu m'mphechepeche mpaka mumtima, mwamuumitsa mkatimo ndi chisanu, kenako n'kumupepesa ndi zimenezi?

Zina zonse akuti zayenda bwino. Mtima umene unkagunda ngati woimba ng'oma woledzera tsopano ukuyenda mwadongosolo. Tsiku lonse chogona chagada, mwendo osaupinda.

Noelene, mnzanga wa mu bandi ya malipenga, anabwera ndi mphesa n'kuzidya yekha. "Ndinakuuza, iwe. Ngati kuzula dzino basi." Iye anamupanga zomwezi chaka chatha. Ndiye anandiumiriza, ine ndikukana.

Tsiku la Anzac, lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, likadali kutali. Nyimbo ija ya pa chipilala cha asilikali, imene bambo ankaiimba okha pa lipenga lalikulu n'kudzandisiyira ine, chaka chino ndiiimba ndi mtima watsopano.

Lachisanu, 7 Malichi. Kunyumba.

Ntchafu bii ngati biringanya. Zimenezo anandichenjeza. Zimene sanandichenjeze: masitepe a pakhonde. Ndinaima pakati, wefuwefu, ngati ndathamangitsidwa ndi galu. Kuwerama kuti ndimange nsapato, mpweya phwa. Kugona chagada sikutheka, ndikugona chokhala ngati mfumukazi ya pa ndalama.

Amuna anga a Merv akuti ndi mankhwala ogonetsa aja amene sanathe m'thupi. A Merv moyo wawo wonse ankakonza mapaipi a madzi. Sabata ino ndi dokotala wa mtima.

Lachitatu, 12 Malichi.

Tabwereranso ku Melbourne. Dokotala Kouris anandiimika kutsogolo kwa makina ojambula m'chifuwa n'kundiuza kuti ndikoke mpweya m'mphuno ngati ndikununkhiza mkaka. Pa kanemayo ndinadzionera ndekha. Mbali yakumanzere ikutsika bwinobwino. Yakumanja duu.

Akuti pafupi ndi mtima pamadutsa kamtsempha kamene kamalamula mnofu wopumira, wa pansi pa mapapo uja. Chisanu chawo chinakakhudza. Kanakomoka. "Zimachitika mwa apo ndi apo, Mayi Trevaskis. Kawirikawiri kamatsitsimuka kokha." Liti? Miyezi ingapo, mwina chaka. Akuti anandifotokozera zonsezi tisanayambe. N'kutheka. Ine ndinkamvera Noelene.

Nanga lipenga? "Yesani, koma musadabwe."

Ndayesa madzulo ano. Mawu anatuluka ngati nkhosa ikutsokomola. Galu wa oyandikana nawo, amene amandiuwa chaka chonse, anangokhala chete. Chifundo cha galu ndiye chandipweteka.

Lachisanu, 21 Malichi.

Lipenga palibe.

Ndinali kwa mayi wondiphunzitsa kupuma. Pobwera, pakona pamene limakhala pangotsala chidindo pa kapeti. Malipenga ndi a bandi, aliyense amadziwa. Cha munthu mwini ndi kachitsulo ka pamlomo kokha, kamene sitibwerekana ngakhale pachibale. Ndipo Anzac ikayandikira, lipenga silikhala m'nyumba ya munthu amene sakubwera kokonzekera. Lamulo limeneli ndinalilemba ndine, ndili mlembi wa bandi, m'chiganizo chokongola kwambiri. Ndinkaganizira anthu aulesi.

Wadzatenga ndani? Noelene. Zaka zonsezi wakhala kumanzere kwanga ndi kalipenga kake kakang'ono, kunditsegulira masamba a nyimbo. Wasankha nthawi imene ndachokapo. A Merv ndiwo anamunyamulira mpaka m'galimoto, n'kumuthyoleranso mandimu a mumtengo wanga. "Nanga ndikanatani, Glenys? Mayiyo msana umamuvuta."

Noelene wasiya mphika wa nyama ya nkhosa patebulo, ndi kachitsulo kanga pambali pake, kokulungidwa m'kansalu.

Lachinayi, 3 Epulo.

Andipatsa kachidole ka pulasitiki kokhala ndi timipira mkati. Ukakoka mpweya timipirato tizikwera. Kamodzi kamakwera. Kachiwiri kamaganizira. Kachitatu sitinadziwanebe.

Dzulo mu shopu mtima unayambiranso gule wake wakale, pakati pa tchizi ndi mazira. Ndinagwira ngolo mpaka unaleka. Namwino pafoni akuti m'miyezi itatu yoyamba zoterezi saziwerengera, mtima umakhala ukupola, ndingopitiriza kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Saziwerengera. Ophunzira anga akanalikonda lamulo limeneli nthawi ya mayeso.

Noelene akuimba foni. Sindikuyankha. Nyama ija ndinadya, popeza umboni suyenera kuwola.

Lachitatu, 16 Epulo.

Ndinali ndikudandaula za masitepe, a Merv akutsuka mbale. Osatembenuka n'komwe: "Bola iwe sizinafike pa za Noelene."

Za Noelene ziti?

Mbale yomweyo anaitsuka nthawi yaitali. Kenako zinatuluka. Chaka chatha kachubu kaja kanaboola khoma la mtima wake. Magazi anadzaza m'kathumba kokuta mtima, mtimawo n'kupanikizika. Anamubaya pansi pa chifuwa kuti awakhetse. Masiku angapo m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ife tonse tinauzidwa kuti ali ku Queensland kwa mwana wake. Ndinamutumizira uthenga woti asapse ndi dzuwa. Amene anaperekeza mwamuna wake ku Melbourne ndi a Merv, tsiku lija anati akukaona mpira.

Ngati kuzula dzino.

Ndinapita kwa Noelene. Pageti pomwe, ndisanapezenso mpweya woyambira mlandu, iye anali atadziwa kale. "Ndikanakuuza ukanapita?" Ndinati ayi. "Ndiye ukanathera ngati mayi ako, pampando, mkono lende, osatha kutchula dzina lako. Ndinasankha kuti uzindida uli wamoyo."

Anasankha. Mtima wanga, chifuwa changa, wosankha Noelene. Ndaphunzitsa anthu zaka zambiri kuti kuvomera kwa munthu amene mwamubisira zoona si kuvomera. Ndinafuna kumuuza zimenezo, ndi zitsanzo. Mpweya unathera pa mawu achitatu. Anandibweretsera mpando. Ndinakana, kenako ndinakhala.

Pawindo la chipinda chake chochezera, lipenga langa likunyezimira. Walipukuta kuposa ine.

Lachisanu, 25 Epulo. Anzac.

Kuzizira kolowa m'mano. Ndinaima m'mbali mwa msewu ndi anthu wamba, mamendulo a bambo kudzanja lamanja la jekete, mbali yomwe ija yakufa. Kachitsulo m'thumba, ndikukafunditsa m'manja mmene timachitira tisanaimbe. Chizolowezi chabe.

Bandi inadutsa. Ena anandigwedezera mutu. Pa chipilala m'busa anamaliza pemphero, kunali zii, Noelene n'kukweza lipenga.

Ndinabwera kudzamva akulakwitsa. Ndivomere, ndinadzuka m'mawa chifukwa cha zimenezo. Sanalakwitse. Mawu odzaza, ofewa, osanjenjemera. Mkulu wina pafupi nane anavula magalasi. Malo amodzi okha, chakumapeto, pamene bambo ankadutsa ndi mpweya umodzi, pamene inenso sindinapumirepo chiyambire, iye anapuma. Palibe anazindikira. Ine ndinazindikira, ndipo ndizisunga mpaka kumanda.

Anthu anapita kukamwa mowa ndi kutchova juga ya makobiri, mwambo wa tsikuli. Ine kunyumba. A Merv anandipangira tiyi weniweni. Sizikuchepetsa mlandu wawo.

Lamlungu, 27 Epulo.

M'mawa potenga nyuzipepala ndapeza lipenga pakhonde, m'bokosi lake, pamwamba pa masitepe kuti ndisalikweze. Palibe uthenga. Kumeneku ndi kuphwanya lamulo la bandi, ndipo ndikudziwa ndime yake. Sindikanena.

Ndalowetsa kachitsulo kanga. Mawu amodzi, otsika. Anakhalako pang'ono asanagwe. Galu uja anauwa.

Sindinamukhululukire. Mwina pofika Khirisimasi ndidzatha kumuuza zimenezo m'chiganizo chathunthu, osapumira pakati.

Pakadali pano, chigamulo. Popeza Noelene Pascoe ananamiza mnzake, natenga lipenga mwini wake atachokapo, naimba bwino pamaso pa tauni yonse popanda manyazi, alipire motere. Mpweya wonse umene anauzira m'lipenga langa kuyambira Malichi aubweze, wothira m'mabotolo a jamu, otseka bwino. Phapo lake lakumanja andibwereke mpaka langa litadzuka, ndidzabweza lochapa. Lachiwiri lililonse azikhala kumanzere kwanga, iye aziuzira mpweya, ine ndizidina mabatani a lipenga. A Merv abwezeretse mandimu aja mumtengo, lililonse pa nthambi yake. Achipatala, amene anandigonetsera theka la chifuwa, atumize kapu imodzi ya tiyi kuchokera ku Melbourne, ndipo ifike kuno ikadali yotentha.