Mwala wa Alamu Ako Sufika Chaka Chino

Mng'ono wanga Esinati,

Landira moni wanga pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno ku Joni tilipo, kungoti maondo akundizunza.

Uwauze abale kuti asadikire mwala wa chiliza cha alamu ako. Galimoto imene mwana wanga Yohane anagula kuti atinyamulire ikukana kukoka ndi matayala onse anayi. Ukudziwa wekha kuti mvula ikayamba, chitunda cha kwathu sichikwereka ndi akumbuyo okha.

Loweruka tinakaiyesa m'matope a konkuno ku Diepsloot, ine nditakhala kutsogolo ngati bwana. Yohane atadina batani loti matayala onse akoke, kanyale kake kanangophethira, ife n'kutitimira. Makaniko anaikweza pa jeke, n'kupeza kuti makoswe anadya kapaipi ka mpweya kamene kamagwiritsa matayala akutsogolo. Anaika kena, anasinthanso fyuzi, kenako akuti, "Gogo, tayang'anani tayalalo, likuzungulira?"

Ndinati, "Mwanawe, chikuzungulira pano ndi mutu wanga basi."

Tsopano akuti vuto lili m'giyabokosi, ndipo chitsulo chake sichikupezeka. Yohane akungoti, "Mawa, Amayi." Bambo ake enieni!

Mwalawo uli kunsi kwa bedi langa, moti ndimagona pamwamba pa dzina la mwamuna wanga. Wosema anasiya malo m'munsi mwa dzinalo. Mmene ndikuoneramu, adzangolembapo langa n'kutinyamula ulendo umodzi.

Chonde ukalambule pamandapo udzu usanakule, ndipo ukawauze alamu akowo kuti sindinawaiwale, yandigwira ndi galimoto. Mulungu akusunge iwe ndi ana.

Ndine mkulu wako,
Nabanda