Mbuzi Ikupuma M'malo mwa Bambo a Thoko

Ku esiteti,
Mtunthama,
Kasungu.

Okondedwa achemwali a Consolata,

Ndayamba ndi moni wochokera kuno ku fodya. Muli bwanji kumeneko, nanga amayi msana uja ukuwalola kuwerama? Ndamva kuti chimanga chomwe munathira feteleza wa kuponi chachita bwino. Ife matenanti makuponi timangowamva pa wailesi, poti mayina athu anatsala kumudzi. Ine ndi Thoko tili bwino m'thupi. Zinazo ndi zomwe ndalembera kalatayi, ndipo muwerenge muli nokha.

A Dominic, bambo a Thoko, kuno kulibe. Anachoka mu Epulo, fodya tangomaliza kupachika m'chigafa, akuti akukaona ganyu ku Chipata. Mpaka lero zii, ngakhale uthenga wapakamwa.

Lamulo la pa esiteti pano mukulidziwa: wolembedwa m'kaundula ndi mwamuna, ndipo mkazi wopanda mwamuna sakhala. Mwamuna akachoka, fodya wako amaperekedwa kwa banja lina kuti limalize kusankha ndi kudinda mabelo, iwe n'kumapita chimanjamanja. Choncho a kapitawo atafunsa, ndinawauza kuti a Dominic ali ndi chilonda cha pamwendo, akungogona m'nyumba. Iwo amaopa zilonda, sanafune n'komwe kusuzumira. Fodyayo ndikusankha ndekha, ndipo ndi wabwino, achemwali, sitinalimepo wotere.

Bodzalo likanayenda bwinobwino pakanapanda anthu a kafukufuku. Paja ndinakuuzani kuti chaka chatha anatiika m'nyumba zatsopano zamalata, zokhala ndi nyale ya sola ndi mbaula yadothi. Kunabwera anthu a ku yunivesite, akuti nyumbazi n'zofanana koma nkhuni ndi magetsi sizitha mofanana, ndiye akufuna adziwe zomwe ife okhalamo timachita. Anamata timabokosi: kena pachitseko kowerenga kutsegula ndi kutseka, kena pambaula komva kutentha, kena kudenga komva mpweya womwe anthu akupuma. Nkhuni amatipimira pa sikelo. Anatipempha kuti tizingokhala monga mwa masiku onse. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amakhala monga mwa masiku onse. A neba athu anayamba kudzukira kuzima nyale kuti aoneke osamala.

Tsono taganizani. Munthu wodwala ali m'nyumba mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno, angakhale opanda moto? Ndiye masana onse ndimathamanga kuchoka kuchigafa kukasonkhezera mbaula yowothetsa mphasa yopanda munthu. Nkhuni zikutha ngati ndikuwotcha njerwa. Mtsikana amene amabwera kudzatenga zomwe timabokosi talemba, dzina lake Sellah, anandiuza moseka kuti nyumba yanga ndiyo yayamba kutsogola pa kudya nkhuni. Ndinaseka naye.

Kenako anati kabokosi ka kudenga mwina kawonongeka, chifukwa masana kakuonetsa ngati m'nyumba mulibe wopuma. Ndinayankha kuti odwalawo amakonda kufunda kumutu. Mawa lake ndinayamba kumangirira mbuzi yathu ija kumwendo wa bedi ndikamapita kuchigafa. Musaseke, achemwali, ngakhale inenso ndimaseka ndikamakolopa ndowe zake. Yadya kale ngodya ya bulangete. Koma zoona zake, imakhala pakhomo kuposa mwini wake uja.

Sellah ndi mwana wabwino, ndipo ubwino wakewo ndiwo wandipanikiza. Sabata yatha anabwera nkhope ili gwa. Anati kabokosi akayesa, kalibe vuto, koma mpweya wa bambowo ndi wochepa kwambiri kwa munthu wamkulu, ndipo iye sakugona nazo tulo. Anati kutha kwa mwezi uno ayamba njira ina, yokhala m'nyumba iliyonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuti aone ndi maso zomwe timabokosi sitinganene. Tsiku limenelo abweretsa galimoto kuti awatengere bambowo ku chipatala. Ndinamuthokoza mpaka kugwada.

Ndinafuna kumuuza zoona. Amanena kuti salemba mayina, nyumba iliyonse ndi nambala chabe. Koma nambala yanga a kapitawo akuidziwa, ndipo akuluakulu a kafukufukuyo akabwera amadyera kwa bwana. Ndikachotsa timabokosi, afunsa chifukwa. Ndikathawa, fodya ndamusiya. Ndikakhala, Sellah adzapeza mbuzi. Mabelo athu sangapite ku okushoni mwezi uno usanathe, ndafunsa kale. Ndatopa, achemwali, ndipo ndili ndi mantha. M'nyumba mwanga momwe ndimatsegula chitseko moganizira.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ku Migowi kwa apongozi anga. Mtima ukundiuza kuti za Chipata zinali zongonena, munthuyo ali komweko kapena iwo akudziwa komwe ali. Mukamupeza musamukalipire, ndikukudziwani pakamwa panu. Ngati ali ndi mkazi wina musandibisire, koma musayambe nazo. Mungomuuza kuti sindikufuna kuti adzagwire fodya, sindidzamufunsa komwe anali, ngakhale kundiyankhula asandiyankhule. Angobwera mwezi usanathe, ndidzamumanga nsanza pamwendo, adzagone pamphasa azipuma basi. Mabelo akangokwera lole adzapite komwe akufuna.

Amayi musawauze, mungoti fodya wachita bwino, poti pamenepo simunama. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu, kwa amalume a Zakeyo ndi ana onse. Thoko akupereka moni kwa agogo ake. Ndamuphunzitsa kunena kuti bambo ake ali m'nyumba akugona, ndipo dzulo ndinamupeza pakhomo akuwaitana.

Ndine mng'ono wanu,
Ezelina.