Chithunzi cha M'chikuta

Lachiwiri, 6 Ogasiti 2024

Tatuluka m'chipatala, tili kwa amayi kwa Mponda. Mwana wamkazi, wabadwa dzulo, Alihamudulilahi. Masitichi akuwawa, koma ndikamuyang'ana ndikumaiwala. Amayi anena mosapsatira kuti tili m'chikuta, mlendo saona mwana mpaka mchombo utagwa.

Amuna anga a Swadick aimba katatu kuchokera ku Joni, kusangalala ngati ana. Akuti dzina alipeza kale, adzalinena Lamulungu pometa mwana tsitsi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Alamu anga a Mwanabibi, achemwali awo a Swadick, analowa amayi ali kumjigo. Akuti, "Ine ndine mlendo ngati?" Anamujambula mwana ndi foni yawo yoyeretsa nkhope ija, imene iwo omwe imawasandutsa mwenye. Ndinati chithunzicho chisapite kwina. Akuti ndi cha achimwene okha basi.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Chili pa Fesibuku! Mwana wanga woyera mbee, masaya ofiira, timaluwa ta m'foni tili pamutu. Mwana amene azakhali anga enieni sanamuone, Mangochi yonse yamuona.

Wina walemba kuti, "Mayi ake paja amayala mabedi a azungu ku loji ku Makokola eti?" Pansi pake tinkhope toseka mbwee. Ambiri sindikuwadziwa n'komwe. Eya, ndinkayala mabedi zaka zitatu, msana wangawu ndi mboni. Ndiye chiyani? Ndimawerenga uku ndikuyamwitsa, mpaka mwana anataya bere n'kuyamba kulira. Amayi anandilanda foni n'kuiponya m'dengu la matewera.

Ndakwiya moti phala sindinamwe n'komwe.

Lachisanu, 9 Ogasiti

A Mwanabibi akuti sangachichotse, anthu achikonda kwambiri. Ndawatukwana, sindibisa. A Swadick awerenga mauthenga anga onse, timizere tabuluwu tikuoneka, koma zii.

Loweruka, 10 Ogasiti

A Swadick atumiza mawu ojambula, kuimba achita manyazi. Akuti anzawo ogona nawo chipinda chimodzi akuwatchula bambo a mzungu. Akuti za dzina tiime kaye, aone bwinobwino.

Aone chiyani? Munthu anachoka muno mu Januwale ine ndikusanza m'mawa uliwonse, mandimu akukandithyolera yekha! Lero mawu a anthu osadziwika a m'foni alemera kuposa anga? Ndani sadziwa kuti khanda limabadwa loyera, khungu lenileni limabwera pambuyo? Amayi anapinda kakhutu ka mwana n'kundionetsa nsonga yake, yakuda bii. Akuti mtundu wake ndi umenewu, ujambule uwatumizire nkhani ithe. Foni ndinaigwira ndithu, kenako ndinaibweza. Mwana wanga si chambo cha pamsika choti munthu azichitembenuza asanagule.

Mchombo wagwa masana ano.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Tamumeta. A Shehe anabwera, anapanga duwa, pemphero lathu lija, kenako anafunsa dzina. Anthu onse maso kwa ine, ine maso pafoni ili pamkeka. Sinalire. Akuchimuna sanabwere ndi mmodzi yemwe.

Amalume a Nassoro anadikira mpaka tiyi anazizira m'makapu. Kenako anakhosomola n'kunena kuti, "Mwana wa mbumba yanga sakhala wopanda dzina chifukwa cha Fesibuku." Anamunyamula n'kumutcha Asiyatu, dzina la malemu agogo. Ndinalira pamaso pa anthu. Manyazi, mkwiyo, zonse pamodzi.

Lolemba, 12 Ogasiti

Zii.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Dzulo apongozi anabwera mwakachetechete ndi sopo, n'kumamuyang'ana mwana makutu ndi tizala. Ndinawaona ndithu. Lero m'mawa a Swadick aimba pavidiyo, ndiye kuti lipoti lafika.

Akuti, "Tandionetsa mwanayo." Ndinamulozetsa kamera. Asiyatu wayamba kuda, ndipo mphumi yotuluka ija ndi ya bambo ake yeniyeni. Anaseka misozi ili m'maso.

"Wanga ameneyu, Sakina! Taona mphumiyo! Basi, dzina lake akhala..."

"Ali nalo kale," ndinatero.

"Wapereka ndani?"

"Amene anabwera."

Mwana anayamba kufunafuna bere. Foni ndinaivundikira pamkeka iwo akulankhulabe, n'kumuyamwitsa Asiyatu.