Ulendo wa Nthumwi Zokapempha Nyemba kwa Bwana

Komiti ya Antchito Ochokera Kummawa, pafamu ya fodya pafupi ndi Palabana
Tsiku: Lamulungu, 16 Febuluwale 1958
Malo: Kuseri kwa balani, poti kapitao wakaniza shedi

Opezeka: A Abson Njobvu (Wapampando), a Langford Sakala (Mlembi), a Yoramu Miti, a Tenson Shawa.
Osapezeka: A Sanford Daka (anachotsedwa ntchito Lachiwiri).

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ya 2 koloko masana.

2. Lipoti la nthumwi
Wapampando anakumbutsa kuti chitsikire mtengo wa kopa, anthu ochotsedwa kumigodi amadzaza pageti kufuna ntchito. Bwana ataona zimenezi anachotsa nyemba ndi nyama paphoso, n'kusiya ufa ndi mchere. Ana atatu m'komboni atupa miyendo. Komiti inatuma Wapampando ndi Mlembi kukadandaula, Mlembi atasankhidwa chifukwa anafika Sitandade 4.

Mlembi anafotokoza kuti anayeserera mawu ake a Chizungu masiku anayi akupalira fodya, ndipo m'mundamo ankatuluka bwino. Lachisanu anakaima pakhonde. Bwana anatuluka ndi agalu awiri n'kufunsa chimene akufuna. Mlembi anacheuka, naona amuna khumi ndi mmodzi pageti, aliyense wodziwa kugwira khasu. Anavula chipewa n'kuthokoza bwana chifukwa cha mvula yabwino ya chaka chino. Bwana anayankha kuti si iye anaigwetsa, n'kulowa m'nyumba.

A Yoramu anafunsa chimene Wapampando ananenapo. Wapampando anati iwo samva Chizungu, choncho ankangovomera ndi mutu pokhulupirira kuti ikukambidwa ndi nkhani ya nyemba. Zoona anazidziwa pobwerera, atafika padibi posambitsira ng'ombe.

A Yoramu anati: "Tinatuma amuna awili ku nyemba, abwela na mau akuti mzungu sagwetsa mvula. Izo tinali kuziziba kale." Wapampando analamula kuti mawuwa asalembedwe. Mlembi wawalemba chifukwa ndi oona.

3. Zimene anachita Mayi Nelesi Shawa
Mayi Nelesi, akazi a a Tenson, si membala, koma anaima pafupi ndi ndowa yawo mpaka analoledwa kulankhula. Anati dzulo anabereka kumsana mwana wawo Dailes kupita naye kukhomo la khichini la dona, mkazi wa bwana. Anadina mwendo wa mwanayo ndi chala, dzenje n'kutsala, ndipo anauza dona m'Chinyanja kuti adinenso yekha. Dona anadina. Kuyambira mawa mabanja okhala ndi ana azilandira kapu ziwiri za nyemba pasabata. Za nyama sizinamveke.

A Tenson anati kapitao wawauza kuti bwana wafunsa dzina la mwamuna wa mayi amene anapita kukhichini. Anati kwawo ku Fort Jameson anachoka chifukwa cha njala, ndipo sadziwa kolowera akachotsedwa. Mayi Nelesi anayankha: "A Shawa, akatipitikisa tizayenda, koma tizayenda na mwana wamoyo." 

Wapampando anafunsa ngati nyembazi zingalembedwe kuti ndi ntchito ya komiti, poti nthumwi ndizo zinalambula njira. Panalibe wovomereza.

Chigamulo: A Tenson akachotsedwa, mamembala onse adzatula makasu. Manja atatu anakwera nthawi yomweyo. La Mlembi linachedwa. Iye akuti linali kulemba.

4. Zina ndi zina
A Yoramu anapempha kuti Mayi Nelesi alowe m'komiti. Mlembi anawerenga lamulo lachitatu, limene analemba yekha, loti komiti ndi ya amuna. Onse anagwirizana zolifafaniza, ndipo Wapampando anaimirira kuti awalandire. Mayi Nelesi anathokoza, nati ali ndi madzi okatunga, koma akadzafuna komiti adzaitumizira mawu.

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhalako pa 2 Malichi, malo omwewa, kwa amene adzakhale akadali pantchito. Wapampando anatseka nthawi ya 4 koloko.

Abson Njobvu, Wapampando (chidindo cha chala)
Langford Sakala, Mlembi