Kabaji Koyeza Cheza

Lolemba, 3 Malichi
Lero kupera miyala m'kamtondo ka ku labu komwe ndimagwira ntchito, mpaka ufa wosalala ngati paudala. Kuthira m'kambale, kusalaza ndi galasi. Pakakhala kachitunda ngakhale pang'ono, makina a ekisileyi amanama. A Magalasi, oyang'anira labu, ndiwo amatseka chitseko cha makina. Nyale yofiira ikayaka, cheza chimaomba ufa uja, pa kompyuta n'kutuluka mizere yosongoka ngati mano a sowo. Akuti mwala uliwonse uli ndi mano akeake. Anati, "Chete, dzanja lako silinjenjemera." Amanditchula Chete. Ndinangoyang'ana pansi.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndinaiwala kusiya kabaji koyeza cheza pa msomali wake. Amuna anga anakapeza m'chikwama. Ndinawauza kuti tonse timavala, kuti cheza chikatuluka tidziwe. Iwo: "Ndiye kuti chimatuluka. N'chifukwa chake muno mulibe mwana. Zakuwotcha m'mimba." Mbama. Inanso. Mutu ku khoma. Kabaji anakaponda ndi chidendene. Mlomo wang'ambika mkati.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndapereka zidutswa za kabaji. A Magalasi anayang'ana mlomo wanga, osati zidutswazo. Anangondionetsa kuti chitseko chikatseguka makina amazima okha. "Cheza chimathera m'bokosi momwemu. Ine ndakalambira pano, koma ana ndili nawo ambiri mpaka ndimasokoneza mayina." Ndinaseka, magazi n'kuyambanso.

Lamlungu, 9 Malichi
Apongozi abwera. "Sankhani, mayi: ufa wa miyala kapena banja." Zoti mwana wawo anakana kukayezetsa kuchipatala sananene. Inenso sindinanene.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndapitabe. Wophunzira wina wakhala akulera kambulu konyezimira ngati kamwala m'botolo la mankhwala chiyambire chaka, kochepa kuposa ka mchere. Tinakamata pa nsonga ya kaulusi ka galasi, iye akuwalitsa nyale, ine ndikugwira. Osapuma. Titakaika m'makina, pa kompyuta panatuluka timadontho tofola bwinobwino. Akuti ndi mmene kambuluko kanayalidwira mkati. Sindinaonepo chinthu chadongosolo chotere. Ntchito imeneyi sindisiya.
Amuna anga akubwera, ndamva geti.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndikulemba ndi lamanzere. Zilembo zikugwa.
Anandifunsa mofatsa, "Dzanja loperalo ndi liti?" Analigwirira pa felemu, n'kumenyetsa chitseko. Zinamveka ngati kankhuni kouma. Anamenyetsanso.
Kuchipatala anandijambula ekisileyi. Namwino anakweza chithunzi ku windo. Zala zitatu zothyoka, ming'alu yake yooneka bwino. Ndinati chitseko chinandipana. Iye anati, "Chitseko chimenechi chili ndi dzina, achemwali?" Ndinayang'ananso chithunzicho. Kenako ndinatchula.
Cheza chomwe amuna anga ankachiopa chija. Aka n'koyamba kundilowa m'thupi. Sichinawotche kanthu. Chinangoonetsa.

Lolemba, 17 Malichi
Ndili kwa akulu anga. Chikhakha chikuyabwa. Apongozi anabwera kudzapempha chithunzi cha zala chija, akuti za m'nyumba sazionetsa kunja. Ndinati chili kutali. Chinali pansi pa bulauzi, chikundikanda pa mimba. Mawa m'mawa ndikachisiya ku polisi, akulu anga andiperekeza.
Masana ndinadutsira ku labu. Pa msomali wanga pali kabaji katsopano. A Magalasi anandigwirira kamtondo kuti kasathawe, ine kupera ndi lamanzere. Ufa watuluka wamiyalamiyala. Iwo anati ungakhale choncho kwa lero.
Ndinakana. Ndinaubwezera m'kamtondo.